Kufufuza nkhani pa Wikipedia ya Chichewa: mafunso ndi mayankho

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwera mobwerezabwereza kuchokera kwa ana asukulu, aphunzitsi ndi ena amene angoyamba kuwerenga kapena kulemba nawo pa Wikipedia ya Chichewa. Ambiri amafika ndi dandaulo limodzi, lakuti afufuza koma sanapeze kanthu. Nthawi zina palibedi, chifukwa Wikipedia yathu idakali yaing'ono. Koma nthawi zinanso nkhaniyo imakhala ilipo ndithu, kungoti mawu amene munthu walemba m'bokosi asiyana pang'ono ndi amene ali pa tsamba. Mbali yaikulu ya mayankhowa ikukhudza kusiyana kumeneku.

Kodi bokosi lofufuzira lili pati?

Lili pamwamba pa tsamba lililonse la ny.wikipedia.org. Pa kompyuta limaonekeratu, ndipo pa foni mumayamba mwadina kachithunzi ka galasi lokuzira zinthu kuti bokosilo litseguke. Simufunika kukhala ndi akaunti kapena kulipira kuti mufufuze.

Zilembo za ny zili mu adiresiyo zikuimira Chinyanja, dzina limene chilankhulochi chimadziwika nalo ku Zambia ndi ku Mozambique. Ngati adiresi ikuyamba ndi en, ndiye kuti muli pa Wikipedia ya Chingerezi, ndipo bokosi la kumeneko limafufuza masamba a Chingerezi.

Ndikayamba kulemba, pamatsika mndandanda wa mitu. Ndisankhe pamenepo kapena ndipitirize?

Mndandandawo umangoonetsa mitu ya masamba yofanana ndi zimene mwalemba kale. Suyang'ana m'kati mwa nkhani. Ngati mutu umene mukufuna waoneka, dinani pomwepo, mwafika. Ngati sunaoneke, musafulumire kuganiza kuti nkhaniyo palibe. Malizani kulemba, kenaka mufufuze m'masamba onse, chifukwa dzina limene lilibe tsamba lakelake likhoza kutchulidwa m'kati mwa nkhani zina. Mwachitsanzo, mudzi wa Mbombwe ukhoza kusowa pa mitu koma n'kupezeka m'nkhani ya John Chilembwe kapena ya boma la Chiradzulu.

Bwanji nthawi zina ndimangofikira pa tsamba osaona mndandanda wa zotsatira?

Zimachitika pamene mawu anu afanana ndendende ndi mutu wa tsamba limene lilipo. Makinawo amaganiza kuti mukufuna tsamba lomwelo, choncho amakupititsani komweko. Ngati cholinga chanu n'kuona masamba onse otchula mawuwo, ikani chizindikiro cha ~ kutsogolo kwake, motere: `~Zomba`. Mukatero mudzaona nkhani zonse zotchula Zomba, kuphatikizapo zonena za nthawi imene mzindawu unali likulu la dziko lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975.

Chizindikiro chomwechi chikakhala kumapeto kwa mawu chimagwira ntchito ina. Onani funso lokhudza kukayika pa kalembedwe.

Kodi ndingalembe funso lathunthu, ngati mmene ndimachitira pa Google?

Mukhoza, koma kawirikawiri sizithandiza. Makina a pa Wikipedia amafuna kuti mawu onse amene mwalemba apezeke pa tsamba limodzi. Mukalemba kuti "kodi phiri lalitali kwambiri m'Malawi ndi liti", iwo amasaka tsamba lokhala ndi kodi, phiri, lalitali, kwambiri, liti ndi ena onsewo. Nkhani ya phiri la Mulanje ikapanda kukhala ndi mawu akuti "kodi" kapena "liti", ikhoza kutsala kunja, ngakhale kuti ndi imene ili ndi yankho lanu, lakuti nsonga ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002.

Lembani mawu awiri kapena atatu okha amene mukutsimikiza kuti wolemba nkhaniyo sakanawalumpha: `phiri Mulanje`, kapena `Sapitwa` basi. Mukaona kuti zotsatira zachuluka, onjezerani liwu limodzi. Zikachepa, chotsani limodzi.

Kodi zilembo zazikulu ndi zazing'ono zili ndi kanthu?

Pa kufufuza wamba, ayi. `lilongwe` ndi `LILONGWE` zimabweretsa zofanana. Zizindikiro monga mpumiro ndi mpatuliro nazonso makinawo sazilabadira. Pamene muyenera kusamala ndi pa mawu olamula makina, monga `intitle:` ndi `insource:`, amene afotokozedwa m'munsimu. Amenewa amalembedwa m'zilembo zazing'ono zokhazokha, ndipo musasiye mpata pakati pa madontho awiriwo ndi mawu anu. Foni zambiri zimakuza zokha chilembo choyamba, choncho yang'ananinso musanadine.

Ndafufuza "phunzira" koma nkhani yokhala ndi "maphunziro" sinabwere. Chalakwika n'chiyani?

Ili ndiye funso lalikulu pa onse, ndipo amene walimvetsa wapeza theka la luso lofufuza m'Chichewa.

Makina ofufuzira samva chilankhulo. Amayerekeza zilembo. Pa zilankhulo ngati Chingerezi anaphunzitsidwa kudula timapeto ta mawu kuti atsale ndi tsinde, n'chifukwa chake kumeneko liwu limodzi limakoka abale ake. Chichewa chimasintha kwambiri kumayambiriro kwa mawu: kuphunzira, ndikuphunzira, anaphunzira, sadzaphunzira, wophunzira, maphunziro, mphunzitsi. Kwa ife onsewa ndi a banja limodzi, mwana wa Sitandade 3 amadziwa zimenezo. Kwa makina ndi alendo asanu ndi awiri osadziwana.

Mayina nawonso amatero pochulukitsa. Mudzi ndi midzi, munthu ndi anthu, chingwe ndi zingwe. Ena amasintha mpaka m'kati: phiri limakhala mapiri, khasu makasu, tsiku masiku, dzira mazira, tsamba masamba. Kenaka pali aphatikiri osonyeza malo. Amene walemba "kumudzi" pamodzi ndi amene walemba "ku mudzi" motalikitsa apereka zinthu ziwiri zosiyana kwa makina, ndipo kufufuza `mudzi` kukhoza kupeza wachiwiri yekhayo.

Chochita choyamba n'chosavuta: dzifunseni kuti wolemba nkhani akanalemba liwulo mwa mtundu uti. Nkhani za m'buku la chidziwitso ngati Wikipedia zimakonda mayina kuposa aneni, choncho `maphunziro` ndi `ulimi` zimabala zambiri kuposa `phunzira` ndi `lima`. Yesani chimodzi, kenaka chochuluka chake. Ngati mukufuna banja lonse la liwulo nthawi imodzi, werengani mayankho awiri otsatirawa.

Kodi kanyenyezi * kamagwira ntchito yanji?

Kamaimira zilembo zilizonse zotsala. `phunzi*` imapeza phunziro, phunzirani ndi phunzitsani. `Chilemb*` imapeza Chilembwe ngakhale mwaiwala mathero ake. Kamathandizanso pa aneni otalikitsidwa kumapeto, monga `kulemb*` imene imakoka kulemba, kulembera, kulembetsa ndi kulembedwa.

Vuto lake n'lakuti kamagwira bwino kumapeto kapena pakati pa liwu. Kumayambiriro musakadalire, ndipo kumayambiriroko n'kumene Chichewa chimakafuna kwambiri. `phunzi*` siipeza maphunziro.

Nanga ndingapeze bwanji tsinde la liwu, kaya kutsogolo kwake kuli chiyani?

Gwiritsani ntchito `insource:` ndi mizere iwiri yopendekeka, motere:

`insource:/phunzi/i`

Apa makinawo saonanso mawu athunthu. Amayenda m'malemba a tsamba chilembo ndi chilembo, kufuna paliponse pamene p, h, u, n, z, i zatsatana. Ndiye maphunziro, wophunzira, mphunzitsi ndi sadzaphunzira onse amakodwa. Chilembo cha i chimene chili kunja kwa mzere womaliza chimauza makina kuti asasiyanitse zilembo zazikulu ndi zazing'ono. Mukachisiya, tsamba limene lili ndi Phunziro yekha wa P wamkulu silibwera.

Mwa zida zonse zili patsamba lino, ichi ndi chimene ndimalakalaka wolankhula Chichewa aliyense atachidziwa, chifukwa chimakonza ndendende pamene chilankhulo chathu chimasemphana ndi makina. Komabe pali zinthu ziwiri zoti musamale. Choyamba, sankhani tsinde lotalikirapo. `insource:/lim/i` idzakubweretserani ulimi ndi mlimi, komanso malimba, kulimba ndi Limbe. Chachiwiri, kufufuza kotereku n'kolemetsa kwa makina, ndipo pa mawiki akuluakulu, monga Wikipedia ya Chingerezi, kumatha kudukira panjira nthawi ikatha. Ndi bwino kuikapo liwu lina wamba lochepetsa masamba oti ayang'anidwe, monga `sukulu insource:/phunzi/i`.

Kumbukiraninso mayina aja osintha m'kati. `insource:/phiri/i` siipeza mapiri, koma idzakupezerani a Phiri onse a mfunda umenewo.

Ndikufuna mawu awiri atsatane ndendende. Nditani?

Atsekereni m'mitengero: `"Gule Wamkulu"`. Popanda mitengero, tsamba lililonse lokhala ndi gule pena ndi wamkulu pena likhoza kubwera, ngakhale likunena za gule wa ingoma ndi mkulu wa mpingo. Mitengero imathandiza kwambiri pa mayina opangidwa ndi mawu wamba, ndipo m'Chichewa ndi ambiri: `"Nyanja ya Malawi"`, `"Nkhata Bay"`, `"Gawa Undi"`.

Ngati mukuganiza kuti pakati pa mawuwo pakhoza kukhala ena, ikani ~ ndi nambala pambuyo pa mtengero wotseka. `"Hastings Banda"~1` imalola liwu limodzi pakati, choncho imapezanso Hastings Kamuzu Banda.

Zotsatira zadzaza ndi zinthu zina za dzina lomwelo. Ndizichotse bwanji?

Ikani kamzere ka kuchotsera kutsogolo kwa liwu limene simukulifuna, popanda mpata. Tengani dzina la Banda. Pali Hastings Kamuzu Banda, mtsogoleri woyamba wa Malawi. Pali Joyce Banda, amene analamulira kuyambira 2012 mpaka 2014. Palinso Rupiah Banda, amene anali pulezidenti wa Zambia kuyambira 2008 mpaka 2011. Kulemba `Banda -Kamuzu -Joyce` kumachotsa masamba otchula awiri oyambawo.

Koma kamzereka kamachotsa tsamba lonse. Nkhani yonena za Rupiah Banda imene yatchula Kamuzu kamodzi kokha nayonso imapita. N'chifukwa chake kuonjezera liwu kumaposa kuchotsa: `Banda Zambia` kapena `"Rupiah Banda"` ndi njira yotetezeka. Chimodzimodzi ndi mawu a matanthauzo awiri. Mtengo ndi wa m'nkhalango komanso wa pamsika, ndipo makina sangadziwe umene mukunena. `mtengo mbawa` kapena `mtengo feteleza` zimawaunikira.

Sindikutsimikiza kalembedwe ka liwu. Pali chothandiza?

Ikani ~ kumapeto kwa liwulo. `Chiradzulu~` imapezanso Chiladzulu, chifukwa makinawo amalola kusiyana kwa chilembo chimodzi kapena ziwiri. Pa mawu aafupi musachite zimenezi, popeza kusintha zilembo ziwiri m'liwu la zilembo zinayi kumabala liwu lina losagwirizana n'komwe.

Nthawi zina pamwamba pa zotsatira pamatuluka mawu ena okufunsani ngati ndi amene mumatanthauza. Malingaliro amenewa amachokera m'mawu amene ali kale pa wikiyo, choncho pa wiki yaing'ono amaphonya kawirikawiri. Aoneni ngati chongoyerekeza.

Bwanji liwu limodzi limalembedwa mosiyanasiyana chonchi?

Chifukwa olemba Wikipediayi ndi anthu odzipereka ochokera m'madera ndi m'mibadwo yosiyana, ndipo aliyense amalemba mmene anaphunzirira. Ku Malawi, Chichewa chinakhazikitsidwa kukhala chilankhulo cha fuko mu 1968, ndipo malamulo a kalembedwe a bungwe la Chichewa Board anatuluka mu 1973. Ku Zambia kalembedwe kanayenda njira yake. Kumeneko amalemba c pamene ife timalemba ch: Cinyanja, cakudya, cimanga. Ngati mukufufuza za mwambo wa Kulamba umene umachitikira ku Mkaika m'boma la Katete, kumbukirani kuti wolemba wake akhoza kukhala wa ku Chipata, ndipo `Acewa` ikhoza kupeza zimene `Achewa` yaphonya.

Zosiyana zina zimene zimasokoneza kawirikawiri ndi izi. Pali l ndi r: ambiri tinaphunzira kuti r amabwera pambuyo pa e ndi i, koma si onse amatsatira, ndiye kulira ndi kulila zonse zimapezeka. Pali mawu ndi mau, mayiko ndi maiko, ayi ndi ai. Pali w wa kadenga, monga mu Malaŵi, amene ena amamulemba pamene ambiri amangolemba w wamba chifukwa pa kiyibodi ya foni ndi wovuta kumupeza. Ndiye pali kachizindikiro ka m'mwamba ka m'mawu ngati ng'ombe ndi m'mudzi, kamene olemba mofulumira amakasiya n'kulemba ngombe ndi mmudzi.

Njira yosavuta ndi kufufuza kawiri. Amene wazolowera `insource:` akhoza kuika zilembo zonse ziwiri m'mabulaketi a ngodya: `insource:/Mala[wŵ]i/` imagwira kalembedwe konse kuwiri, ndipo `insource:/Ch?inyanja/` imapeza Chinyanja ndi Cinyanja, chifukwa mfunsiro umatanthauza kuti h akhoza kukhalapo kapena ayi.

Ndingafufuze bwanji m'mitu yokha?

`intitle:nyanja` imabweretsa masamba okhawo amene mutu wake uli ndi liwu lakuti nyanja. Mukhoza kuphatikiza ndi mawu ena: `intitle:nyanja chambo`. Ngati mukufuna mitu yoyamba ndi mawu enaake, pali `prefix:`, monga `prefix:Nyanja ya`. Imeneyi iyenera kukhala komalizira kwa zonse zimene mwalemba m'bokosi, chifukwa chilichonse chobwera pambuyo pake chimatengedwa ngati mbali ya mutuwo.

Nanga m'gulu limodzi la nkhani?

Pansi pa nkhani zambiri pamalembedwa magulu amene nkhaniyo ilimo. Koperani dzina la gululo monga momwe lilili, mulilembe pambuyo pa `incategory:`, ndipo ngati lili ndi mawu oposa limodzi mulitsekere m'mitengero. Dzinalo likasiyana ngakhale chilembo chimodzi, simupeza kanthu. Lamuloli limaona masamba a m'gulu lomwelo basi. Kuti lilowenso m'timagulu ta pansi pake, lembani `deepcat:` m'malo mwake. Pa wiki yathu nkhani zina sizinaikidwe m'gulu lililonse, choncho njira imeneyi imasiya zina kunja.

Kodi bokosili limafufuzanso zokambirana, zithunzi ndi masamba a chithandizo?

Mukangolemba mawu, limaona nkhani zokha. Kuti lione mbali zonse, yambani ndi `all:`, monga `all:kalembedwe`. Pa tsamba la zotsatira palinso malo osankhira mbali zimene mukufuna, ndi ena osankhira kuti zotsatira zindandalikidwe motsatira tsiku limene tsamba linasinthidwa kapena kuyambitsidwa. Zithunzi zambiri zimene mumaona m'nkhani zimasungidwa ku Wikimedia Commons, nkhokwe ya zithunzi ya pa intaneti imene ma Wikipedia onse amagwiritsa ntchito, ndipo mafotokozedwe ake ambiri ndi a Chingerezi, choncho pofuna chithunzi ndi bwino kukafufuza komweko ndi mawu a Chingerezi.

Zimene bokosili silingapeze ndi mawu amene anachotsedwa m'nkhani kale, komanso masamba amene anafufutidwa. Limaona tsamba monga lilili lero. Zakale zimapezeka mu mbiri ya tsambalo.

Ndafika pa nkhani yaitali. Ndipeze bwanji pamene pali liwu langa?

Iyi si ntchito ya bokosi la Wikipedia koma ya pulogalamu imene mukutsegulira intaneti. Pa kompyuta dinani Ctrl ndi F pamodzi. Pa foni, mu Chrome, dinani timadontho titatu ta pakona n'kusankha Find in page. Kufufuza kumeneku kumagwira ngakhale chidutswa cha liwu, ndiye phunzi amaunikira maphunziro popanda lamulo lina lililonse, ndipo sikudya bandulo chifukwa tsambalo latseguka kale.

Ndangolemba kapena kukonza nkhani, koma sikuoneka pofufuza. Yatayika?

Ayi. Makinawo safufuza m'masamba enieniwo koma m'kaundula wawo wa mawu, amene amakonzedwa pambuyo poti tsamba lasungidwa. Kawirikawiri zimatenga mphindi zochepa, koma mndandanda wa mitu umene umatsika polemba uja umatha kuchedwerapo. Kulemba mutu wonse ndendende kumakufikitsani pa tsambalo nthawi yomweyo. Musaliyambitsenso kachiwiri poganiza kuti lasowa, chifukwa mudzangopanga masamba awiri a nkhani imodzi.

Kodi si bwino kungofufuza pa Google?

Pena ndi bwino. Kulemba `site:ny.wikipedia.org chambo` pa Google kumaona Wikipedia ya Chichewa yokha, ndipo Google imakhululuka zolakwika za kalembedwe kuposa bokosi lathu. Koma imachedwa kudziwa masamba atsopano, ndipo ilibe njira yofufuzira tsinde la liwu ngati ya `insource:` ija. Pa dzina la munthu kapena malo, iliyonse ikuthandizani. Pa liwu la Chichewa losinthasintha, bokosi la Wikipedia limaposa.

Ndayesa zonse, nkhaniyo palibedi. Tsopano nditani?

Mukhoza kudumphira ku Wikipedia ina kuchokera m'bokosi lomweli. `en:Lake Malawi` imakupititsani ku tsamba la Chingerezi, ndipo `tum:` ndi ya Chitumbuka. Pa tsamba la zotsatira mudzaonanso mawu anu atalembedwa mofiira. Linki yofiira imatanthauza kuti tsamba la mutu umenewo silinalembedwe, ndipo mukaidina imatsegula malo olembera. Musanayambe, bwererani ku funso la kalembedwe kosiyanasiyana muyese mitundu ina ya mutuwo, chifukwa masamba obwereza ambiri amabadwa pamene wina wafufuza ndi r nkhani ili pa l.

Ndine wolemba. Ndingatani kuti ena asavutike kupeza nkhani yanga?

M'chiganizo choyamba tchulani mayina onse amene chinthucho chimadziwika nawo. Nyanja ya Malawi imatchedwa Nyasa ku Tanzania ndi Niassa ku Mozambique, ndipo mayina onsewo akakhala m'nkhani, wofufuza lililonse adzafika. Ikani nkhaniyo m'gulu loyenera.

Koposa zonse, pangani masamba olozera. Limeneli ndi tsamba la mzere umodzi limene limatumiza wowerenga ku mutu weniweni. Tiyerekeze kuti nkhani yanu ili pa mutu wakuti Chiradzulu. Tsegulani tsamba latsopano la mutu wakuti Chiladzulu, mulembemo `#REDIRECT [[Chiradzulu]]` basi, musunge. Kuyambira pamenepo, aliyense wolemba ndi l adzafika pa nkhani yanu osadziwa n'komwe kuti anasiyana nanu kalembedwe. Chitani chimodzimodzi ndi c wa ku Zambia, w wa kadenga, ndi chochuluka cha dzinalo ngati anthu amalitchula motero.